Bwana Wosaoneka Nayenso Ayankhe

Kuno kwathu kulibe fakitale yopanga galimoto. Maminibasi ndi ma Sienta amene amadzaza pa Goliati tsiku la msika, atasenza madengu a matimati ndi kabichi opita ku Limbe, adayamba atumikira eni ake ena ku Japan, ndipo adafika kuno atatopa kale, ambiri kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Galimoto zathu nza kaunjika monga momwe ziliri zovala zathu. Nchifukwa chake tikamva kuti kwinakwake mafakitale a galimoto atsekedwa, timangoti amenewo ndi maliro a mudzi wina. Komatu m'nkhani imeneyi muli funso limene ife a ku Thyolo sitingalizembe. Pamene chipata cha pantchito chatsekedwa, bambo nabwerera kunyumba chimanjamanja dzuwa likali pamutu, mlandu ngwa yani? Nanga woyenera kumgwira dzanja ndani?

Tiyambe ndi za kutali. Ku Australia kudali makampani atatu opanga galimoto, Ford, Holden ndi Toyota. Ford idalengeza mu Meyi 2013 kuti idzaleka, Holden idatsatira mu Disembala chaka chomwecho, ndipo Toyota idatsanzika mu Febuluwale 2014. Andale a kumeneko adalozana zala monga achitira athu. A chipani cha Labor adati boma la Tony Abbott ndilo lidapirikitsa Holden pokana kuonjezera thandizo la ndalama. A boma adayankha kuti Ford idatsanzika Labor ikulamula, ndiponso kuti msonkho wa anthu sungamathirire mtengo wosabala mpaka kalekale. Mkangano umenewo ngwao. Chimene ife tiyenera kuona ndi ichi: Ford idatseka mu Okutobala 2016, Toyota ndi Holden mu Okutobala 2017. Ndiye kuti wantchito aliyense adadziwiratu, kukali zaka zitatu ndi miyezi, tsiku limene makina adzaleka kulira. Pa zaka zimenezo boma lalikulu, maboma a zigawo ndi ena mwa makampaniwo adasonkha thumba la madola a dzikolo 155 miliyoni, lophunzitsira anthu ntchito zina ndi lokopera mabizinesi atsopano m'madera okhudzidwa. Sikuti onse adapeza ntchito yofanana ndi yakale, iai. Ena adangogwera m'ntchito za apo ndi apo. Koma boma lidavomera kuti nkhaniyo ikulikhudza, ndipo lidapisa m'thumba.

Anansi athu a ku Zambia adali nayo fakitale yolumikiza galimoto za Fiat ku Livingstone kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo idafa pamene zipata za malonda zidatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990. Ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri, kampani ya General Motors idalongedza nkuchoka m'chaka cha 2017. Mphepo yake ndi imodzi, ndipo kuno idaomba kale, kungoti idagwetsa mitengo ya mtundu wina.

Fakitale yathu yaikulu idali ya nsalu. David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, kumunsi kwa Ndirande, eni ake ali kampani ya Lonrho pamodzi ndi boma. Thonje lolimidwa ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima linkapotedwa, kuombedwa ndi kudindidwa momwemo. Amayi a msinkhu wa makolo athu akukumbukira chitenje cha Whitex. Anthu zikwi zingapo ankalowa pa chipata chake usana ndi usiku, ndipo mwa iwo mudali ana a kuno, amene munda wa kwao udawachepera. Malipiro ao ndiwo ankagula malata a m'midzi muno, kulipira sukulu ya adzukulu ndi kuika maliro.

Pali china chimene tiyenera kuwakumbukira nacho anthu amenewa. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi athu, yomwe Ambuye James Chiona a ku Blantyre adasaina pamodzi ndi anzao. Kalatayo idanena za ufulu wolankhula, inde, komanso idanena za phompho la pakati pa olemera ndi osauka ndi za malipiro osakwanira kudyetsa banja. Patangopita miyezi iwiri, mu Meyi 1992, oyamba kuika zida pansi nkutuluka mumsewu adali apantchito a ku Whitehead. Kunyanyala ntchito kudafalikira mu Blantyre ndi Limbe, kudafika ku Lilongwe, kudalowanso m'minda ya tiyi. Apolisi adaombera, ndipo anthu makumi angapo adafa. Aepiskopi adalemba ndi inki, apantchito adasaina ndi magazi. Referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zidadutsa pa khomo limene anthu ovala maovolosi adakankha.

Tsono taonani m'mene ufuluwo udawathokozera. Ndondomeko za World Bank ndi IMF, zomwe dziko lino lidayamba kutsata m'chaka cha 1981 Ngwazi akali pampando, zidathamanga kwambiri matipate atabwera. Kwacha idasiyidwa kuti idziyendere yokha mu 1994, ndipo idagwa. Zipata zidatsegukira mabelo a kaunjika ndi nsalu zotchipa za ku Asia. Lonrho idachokamo, fakitale nkutsalira m'manja mwa boma ndi makina okalamba. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo mu 2003, a Bakili Muluzi akulamula, David Whitehead idagulitsidwa kwa a Mapeto pa mtengo wa K73 miliyoni. Ambiri adati mtengowo udali wotaya. Apantchito adakana mokweza, koma mawu ao sadasinthe kanthu, ndipo ochuluka adachotsedwa. Wogula sitimuimba mlandu, pakuti wogula amalipira chimene wogulitsa wavomera, ndipo fakitale idapitiriza kuomba nsalu m'dzina la eni atsopano. Funso lathu likupita kwa wogulitsa. Munthu amene watha zaka makumi awiri akuyang'anira makina oombera nsalu, luso lakelo akaligulitsa kuti, m'dziko limene fakitale yotere idali imodzi? Adabwerera kumudzi, nakapeza munda utagawidwa kale kwa alongo ake ndi ana ao, monga mwa mwambo wathu wa chikamwini.

Pamenepa pamabwera yankho limene timalimva pa boma lililonse. Amati: "Si ife. Ndi msika. Ndi a World Bank. Ndi boma lapitalo." Pilato nayenso adapempha madzi, koma Kredo imamtchulabe dzina Lamulungu lililonse.

Eklezia sadayambe dzulo kulankhula za apantchito. Papa Leo XIII adalemba Rerum Novarum m'chaka cha 1891, chaka chomwecho chimene Angerezi adalengeza ulamuliro wao pa dziko lino, nthawi imene malo a ku Thyolo ndi ku Mulanje ankagwa m'manja mwa atsamunda. Patapita zaka 90, mu Sepitembala 1981, Papa John Paul II, yemwe adadzatichezera mu Meyi 1989, adalemba kalata ya Laborem Exercens. Papa ameneyu ali mnyamata adaswako miyala m'kwale ndipo adagwirako ntchito m'fakitale, kotero sankanena za m'maluwa. M'kalatayo adaphunzitsa kuti wantchito aliyense ali ndi mabwana awiri. Woyamba ndi wooneka, amene amamlemba m'kaundula ndi kumpatsa malipiro. Wachiwiri ndi wosaoneka: onse amene amakonza malamulo, misonkho, mapangano a malonda ndi ndondomeko za chuma zomwe zimachititsa kuti bwana woonekayo athe kulipira bwino kapena alephere, atsegule kapena atseke. Pakati pa mabwana osaonekawo Papa adaika boma patsogolo, ndipo sadasiye kunja mabungwe a maiko ndi makampani akuluakulu a kunja. Adaonjeza kuti kuthandiza munthu amene ntchito yamthera, kuti iye ndi banja lake akhale ndi moyo, ndi udindo weniweni, wochokera pa choona chakuti Mulungu adalenga zinthu za pansi pano kuti zikhale za onse.

Chiphunzitso chimenechi nchosavuta kumva kwa munthu wa m'minda ya tiyi. Wothyola tiyi amadziwa kapitao, amadziwa kalaliki wa pa sikelo, mwina amadziwa ndi manijala. Koma amadziwanso kuti kapitao sindiye adakonza mtengo wa kilogalamu, ndi kuti pali ena ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku London amene sadawaonepo, koma cholembera chao chimafika mpaka mu mphika wake. Amene adasaina kuti kaunjika alowe, amene adasaina kuti kwacha igwe, amene adasaina kalata yogulitsira fakitale, onsewo adagwira nawo loko wa pa chipata. Mwina zina mwa zimene adasainazo zidali zosapeweka. Ngakhale zikadatero, wogwetsa mtengo amayamba wayang'ana kumene ugwere, ndipo ukaphwanya nyumba ya mnansi sanena kuti mlandu ngwa nkhwangwa.

Wina anganene kuti za Whitehead nzakale. Tiyeni tsono tione za dzulodzuloli. ADMARC idakhazikitsidwa mu 1971, ndipo palibe wa ife amene sadaimepo pa mzere wa pa msika wake, thumba lili m'manja, m'miyezi ya njala. Mwini wake ndi boma; akuluakulu oiyendetsa amasankhidwa ndi boma. Kwa zaka zambiri bungweli lidadwala, ndipo matenda ake adayambira kumutu. Tikukumbukira nkhani ya chimanga cha ku Zambia ya mu 2016 ndi 2017, a DPP akulamula, yomwe idachititsa kuti pakhale kafukufuku ndipo nduna ichotsedwe, ngakhale pambuyo pake khoti lidaipeza yosalakwa. Maboma adasintha mu 2020, matenda sadasinthe. Tsono mu 2022, a Lazarus Chakwera akulamula, nduna ya za malimidwe a Lobin Lowe idalengeza kuti ADMARC yaimitsidwa, ndipo apantchito onse apite kwao akadikire. Chifukwa chake adati katangale, kuba ndi kusayendetsa bwino zinthu. Kumayambiriro kwa 2023 anthu oposa 3,000 adachotsedwa ntchito.

Ngati mudali akuba, bwanji osawagwira mmodzimmodzi nkuwatengera ku khoti? Kodi mlonda wa pa depoti ya ku Luchenza ndiye adakwirira bungwelo m'ngongole za mabiliyoni? Kodi mayi wosoka matumba ndiye ankasankha akuluakulu a bodi? Kutentha nkhokwe yonse chifukwa cha makoswe ndi nzeru ya munthu amene chimangacho si chake. Ndipo taonani kusiyana kwa magwedwe: ndunayo nayonso idachotsedwa mu Okutobala 2022, pa nkhani ina ya feteleza, koma idatsala ndi mpando wa uphungu ndi malipiro ake. Mlonda uja adatsala ndi ana.

Apantchitowo adapita ku khoti la milandu ya pantchito, ndipo khoti lidapeza kuti adachotsedwa mosatsata chilungamo. Mu 2024 lidagamula kuti alandire chipukutamisozi cha ndalama pafupifupi K25 biliyoni. Apa pali zinthu ziwiri zowawa. Choyamba, ndalama zotere sizichoka m'thumba la amene adalamula. Zimachoka mu msonkho wa tonse, wa pa sopo ndi pa mafuta, kotero wosauka amalipira kulakwa kumene kudachitikira wosauka mnzake. Chachiwiri, pakati pa kuchotsedwa ndi chigamulo, mu Novembala 2023, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama yochedwa ndi ndalama yodyedwa ndi chiswe. Nchifukwa chake buku la Deuteronomo limalamula kuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo Woyera amachenjeza eni minda kuti malipiro obisidwa a okolola ali ndi liwu, ndi kuti liwulo limafika kwa Mulungu.

Khalidwe limeneli lotseka khomo osaganiza za odutsapo nlakale. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha amuna athu oposa 70 ochokera ku migodi, Ngwazi adaletsa Wenela, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi. Ulendo udayambanso mu 1977 m'dzina la Teba, nudzathanso mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Madala a Teba akhala akuyenda ndi timapepala tao takale kwa zaka makumi atatu ndi kuposerapo, kufunsa za ndalama zao, ndipo ambiri adatsikira kuli chete akufunsabe. Kongeresi ya kale, UDF, DPP, Kongeresi ya tsopano: mtundu wa nsalu umasintha, wogwa amakhala yemweyo.

Tisanamizire kuti a mbali inayo alibe mfundo. Amati boma silingasunge kampani yongodya ndalama pamene m'zipatala mulibe mankhwala. Nzoona. Ifenso sitikuti fakitale iliyonse ikhale mpaka muyaya ngati phiri la Mulanje. Eklezia saphunzitsa kuti makina ndi oyera. Amaphunzitsa kuti munthu ndiye woyamba, chuma chimadza pambuyo. Fakitale ingathe kufa, koma munthu amene adaipatsa mphamvu za unyamata wake asaikidwe nayo m'manda amodzi. Amatinso kaunjika adaveka osauka amene sakadatha kugula nsalu yatsopano, ndipo adapatsa malonda anthu ambiri m'misika. Izinso nzoona, ndipo ife tomwe tavala zomwezo. Koma ngati mtundu wonse udapindula ndi malaya otchipa, ndiye kuti mtundu wonse uli ndi ngongole kwa oomba nsalu amene adalipira phindulo ndi ntchito zao. Boma limatolera msonkho pa belo lililonse lolowa pa chipata. Kodi sikukadatheka kupatulapo kachigawo ka amene belolo lidawachotsa ntchito?

Mfundo yachitatu ndiyo imatipweteka kwambiri: akuti dziko nlosauka, silingachite za ku Australia. Sitikupempha madola 155 miliyoni. Kuchenjeza anthu nthawi ikalipo sikufuna ndalama. Kukhala pansi ndi bungwe la apantchito musanalamule sikufuna ndalama, ndipo kukadachitika ku ADMARC mwina mtundu sukadasenza ngongole ya mabiliyoni aja. Nkhanga zidapangana kusanapse. Kunena za ndalama zenizenizo, dziko limene lidapeza zochitira mwambo waukulu wotsegulira doko la ku Nsanje mu Okutobala 2010, doko limene silidagwire ntchito, lisatiuze kuti m'thumba mumauma pokhapokha wopempha akakhala wa ovolosi.

Tsono bwanji tikulemba izi tili pa Goliati, pomwe palibe fakitale ya nsalu kapena ya galimoto? Chifukwa palibe boma lina m'Malawi muno limene moyo wake wapachikidwa pa zipata zochepa monga Thyolo ndi Mulanje. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha, ndipo malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi ndi makademiya kuyambira nthawi ya thangata. Makolo a ambiri a ife, Alomwe, adaoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda yomweyi. Ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Satemwa, ku Makwasa ndi kwina, pamodzi ndi minda ya ku Mulanje, kumalowa anthu pafupifupi 50,000 pa nyengo ya mvula tiyi akachuluka. Wa ku Whitehead adali ndi mudzi wobwererako, ngakhale wothina. Nanga wobadwira m'malaini a pa esiteti, amene nyumba, madzi, chipatala ndi sukulu ya ana zonse nza kampani, akachotsedwa apita kuti? Iye satayika ntchito yokha, amataya ndi denga lomwe. Sitikulosera kuti esiteti yakutiyakuti itsekedwa. Tikungoti mtengo wa tiyi pa okushoni ya ku Limbe umakonzedwa ndi ogula a kutali, mvula yasintha magwedwe, ndipo makina othyolera tiyi adafika kale m'maiko ena olima tiyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limenelo likadzafika, kodi padzakhala pali lamulo ndi thumba zodikira, kapena tidzamvanso kuti ndi msika?

Pali chifukwa chachiwiri, ndipo tichinene poyera ngakhale ena atipsere mtima. Dera lino labala atsogoleri a dziko awiri. Malemu Bingu wa Mutharika, amene adalamula kuyambira 2004 mpaka 2012 ndipo akugona pa Ndata, adatilonjeza kusandutsa Malawi dziko lopanga ndi kugulitsa kunja, kuleka kukhala longogula ndi kudya. Loto limenelo lidali labwino, ndipo sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST, yomwe idatsegulidwa pa Ndata mu 2014, ndi chipatso chake chooneka. Koma mainjiniya otuluka pamenepo akusowa mafakitale oti akalowemo, ndipo anyamata athu ambiri ali pa kabaza kapena pa ulendo wa ku Joni. A Peter Mutharika adalamula kuyambira 2014 mpaka 2020, ndipo adasankhidwanso mu Sepitembala 2025. Pali chiyeso chimene chimagwera anthu a kwao kwa mfumu: kuganiza kuti kufunsa ndi kupandukira, ndi kuti mwana wa kwathu timangomvinira. Chimenecho si chikondi. Mwana wa m'mudzi akalakwitsa, oyamba kumuitanira kuseri kwa nyumba amakhala amalume ake. Ngati a ku Goliati sadzafunsa, wa ku Karonga akafunsa adzamuti ngwa tsankho. Ife ndife amene tili ndi ufulu wonse wofunsa, ndipo ufuluwo ndi udindo.

Boma limene lilipo lisanene kuti za ADMARC zidachitika ena akulamula. Wolowa ufumu amalowa ndi milandu yomwe ya pabwalo, ndipo mlandu suola. Chimene makhoti agamula chokhudza anthu ochotsedwa ntchito m'makampani a boma chiperekedwe chonse, mwamsanga, osadikira kuti odandaula athe ndi imfa. Koma kulipira zakale kokha sikukwanira. Malamulo athu ali ndi zabwino zina. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, monga lidakonzedwera mu 2010, limati wochotsedwa pochepetsa anthu alandire ndalama zotsanzikira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa zaka zisanu zotsatira, ndi a masabata anai pa chaka chilichonse chopitirira khumi. Kuyambira 2011 bwana ayenera kusonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ku thumba la penshoni. Tawerengani nokha: wogwira zaka khumi amatuluka ndi malipiro a masabata 25, osakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ngati malipiro akewo adali a wothyola tiyi, ndalamazo zimatha asanakolole kamodzi. Zikatha palibenso china, pakuti dziko lino lilibe thumba lothandiza munthu pa miyezi imene akufunafuna ntchito ina. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, ngwa mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito. Bambo wamphamvu zake amene fakitale yamtaya salowamo.

Apa ndi pamene aphungu athu ayenera kuonetsa ntchito yao. Phungu sadasankhidwe kuti azigula mabokosi a maliro, ngakhale ife tomwe ndife timamzolowetsa zimenezo. Adasankhidwa kuti akapange malamulo. Akapange lamulo lakuti kampani yaikulu, ya boma kapena ya munthu, isatseke kapena kuchotsa anthu mazanamazana popanda kudziwitsa apantchito, bungwe lao ndi boma kukali miyezi yokwanira. Akapange lamulo lakuti kampani ikagulitsidwa kapena kugwa, ndalama za apantchito ziikidwe pambali zisanagawidwe zina zonse, ndi kuti wokhala m'nyumba ya kampani asatulutsidwe asanalandire zake. Ndipo akayambitse thumba la ochotsedwa ntchito, losonkhedwa ndi mabwana, apantchito ndi boma, ngakhale liyambe laling'ono ngati banki mkhonde. Amayi a m'midzi muno amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu ndipo pakutha pa chaka zimakwana. Boma la anthu ophunzira lisatiuze kuti nzeru imeneyo yalikulira.

Ifenso Akhristu tili ndi gawo lathu, ndipo gawolo si kupemphera kokha. M'mphakati uliwonse muli banja limene bambo kapena mayi wachotsedwa ntchito, ndipo ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ngati kuti adachimwa ndi iwo. Amayamba kujomba ku Misa chifukwa alibe chopereka, kenaka mwana wamkazi amasiya sukulu, kenaka timamva kuti wakwatiwa. Atsogoleri a mphakati awayendere anthu otere msanga, asadikire maliro. Mkhristu amene ali manijala, kapitao kapena kalaliki akumbukire kuti kaundula wa malipiro amene amasunga Lolemba adzawerengedwa pamodzi ndi Ukaristia umene adalandira Lamulungu. Ndipo amene ali pantchito alowe m'bungwe la apantchito osaopa. A m'minda ya tiyi ali nalo lao, PAWU, lomwe lidasainirana pangano la malipiro ndi bungwe la eni minda koyamba mu 2016. Papa John Paul II adati mabungwe otere ndi ofunika pa moyo wa mtundu, kotero wina asakunamizeni kuti Mkhristu wabwino salowa yuniyoni.

Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi athu aphunzitse anthu zinthu zing'onozing'ono zimene zimapulumutsa mlandu. Musataye kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro ndi nambala ya penshoni. Zikulungeni m'pulasitiki pamodzi ndi khadi la ubatizo. Wogwira ntchito ya nyengo adziwe kuti lamulo limaphatikiza nyengo zimene wagwira motsatizana kwa bwana mmodzi. Malipiro otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Ndipo amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya za ntchito pa boma la Thyolo pasanathe miyezi itatu. Ngati alibe ya minibasi, mphakati umsonkhere, ndipo wina wodziwa kuwerenga amperekeze.